Mawu asamadzigundegunde mchipinda choonera mafilimu, nazi zoyenera kuchita

Ndinatha pafupifupi chaka ndikuganiza kuti vuto lili ndi masipika anga. Filimu ikafika poti anthu akuyankhulana ndimakweza voliyumu kuti ndimve zomwe akunena, kenako bomba likaphulika nyumba yonse kunjenjemera, mwana kudzuka kuchipinda kwake, ine nkuthamangira rimoti kutsitsanso, basi kukweza kutsitsa mpaka filimu kutha. Tsiku lina ndinanyamula masipika omwewo kupita nawo kwa mnzanga amene pabalaza pake pali kapeti yaikulu, masofa ansalu ndi shelefu yodzadza mabuku, titalumikiza ndinangoti kukamwa yasa, liwu lililonse limamveka bwinobwino voliyumu ili pansi. Mpamene ndinazindikira kuti zomwe ndimamva kwathu sizinali za masipika okha, zambiri zinali za chipinda.

Nde tisanapite patali tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri amazisokoneza. China ndi kukonza kamvekedwe ka mkati, kuti mawu asamabwerere kuchokera mmakoma. China ndi kutsekereza, kuti phokoso lanu lisafike kwa aneba ndipo lakunja lisalowe. Mankhwala ake ndi osiyana. Mkati mumafuna zinthu zofewa, zonenepa, zolowa mpweya. Potsekereza mumafuna zinthu zolemera komanso kutseka kampata kalikonse. Munthu amene wamata siponji khoma lonse nkumadabwa kuti aneba akudandaulabe ndiye kuti wamwa mankhwala a matenda ena.

Yambani ndi kumvetsera chipinda chanucho, osagula kalikonse kaye. Zimitsani zonse, imani pakati, ombani mmanja kamodzi mwamphamvu. Mukamva kakulira kotsalira ngati kachitsulo, kothamanga kuti trrr, dziwani kuti mawu akugundagunda pakati pa makoma awiri oyang'anana amene alibe kanthu. Sunthani, ombaninso pafupi ndi zenera, pakona, pomwe mumakhala. Kenako khalani pansi phee kwa mphindi ziwiri ndipo mumva zinthu zomwe makutu anazolowera kale, fani ya pulojekita, filiji ya kuseri kwa khoma, magalimoto kudzera pazenera, kaya kulira kwa magetsi mmasipika. Lembani zonse papepala. Pomaliza ikani nyimbo ya besi yambiri yomwe mumaidziwa bwino ndipo yendani pang'onopang'ono chipinda chonse, muona kuti penapake besi ikuchita kugunda pachifuwa pomwe mukasuntha phazi limodzi kapena awiri yasowa ngati mwazimitsa. Tibwereranso pamenepa chifukwa mpomwe pali nkhani yaikulu.

Phokoso la zipangizo lichotseni msanga, silivuta. Kulira kuja koti mmmm mmasipika ngakhale palibe chomwe chikuseweredwa nthawi zambiri kumachokera ku magetsi, kumakhala pa 50 Hz kapena 60 Hz (Hz ndi muyezo wa kangati mawu akunjenjemera pa sekondi, nambala yaing'ono ndi besi, yaikulu ndi mawu opyapyala) kutengera magetsi a dziko lomwe muli, ndipo kawirikawiri kumayamba zipangizo zikalumikizidwa ku masoketi osiyanasiyana kenako nkulumikizananso zokha ndi mawaya a mawu. Zulani mawaya olowa mu risiva, chipangizo chija chomwe chimalandira mawu nkuwagawira masipika onse, mmodzimmodzi mpaka kulirako kusiye, waya womaliza kuzulayo ndiye wapalamula, ndipo nthawi zambiri amakhala wa dishi kapena wa eriyo. Lumikizani zipangizo zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino, zikakanika pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator koika pa waya wovutayo. Chonde chonde musadule kapini ka earth pa pulagi kuti kulira kusiye, kamene kaja ndi komwe kamakutetezani magetsi akalowa mchitsulo cha chipangizo, moyo wa munthu sungasinthanitsidwe ndi kamvekedwe. Mawaya a mawu asayende limodzi ndi a magetsi mtunda wautali, ngati akuyenera kukumana angodutsana mopingasa. Pulojekita ikeni pa eco kuti fani ichepetse, ndipo pukutani fumbi pa fyuluta yake. Zogwedera nazo, mafulemu a zithunzi, magalasi a mkabati, chogwirira chitseko, mbale ya nyale ya kusiling'i, zipezeni poseweretsa besi ndi kugwira chimodzichimodzi ndi dzanja, chomwe chasiya kulira mukachigwira chiikeni karabala kapena kansalu kuseri.

Tsopano malo okhala. Sofa isagunde khoma lakumbuyo, ndipo isakhalenso pakati penipeni pa chipinda. Pakhoma besi imaunjikana nkumangoti guu guu osadziwika kuti ndi chingwe chiti cha gitala chikulira, pakati penipeni mpomwe besi ina imafafanizika. Poyambira pabwino ndi cha pa 38 peresenti ya kutalika kwa chipinda kuchokera kukhoma lakutsogolo kapena lakumbuyo, si lamulo ayi koma ndi poyambira pomwe ambiri zimawayendera. Ngati chipinda nchaching'ono moti sofa singachoke kukhoma, ingoikokani ngakhale masentimita 30 ndipo pakhoma kuseri kwa mitu yanu muikepo chinthu chonenepa chomeza mawu.

Masipika awiri akutsogolo akhale mtunda wofanana kuchokera pomwe mumakhala, yezani ndi tepi osati ndi maso. Muyezo wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni ndi mawailesi, wa 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabuwufa imodzi ya besi, umati yakumanzere ndi yakumanja zikhale pa madigiri 30 kuchokera pakati, za mmbali pakati pa madigiri 100 ndi 120, kutanthauza pambali panu chakumbuyo pang'ono. Njira yophweka yopezera madigiri 30 aja ndiyoti mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika pamutu panu. Kasipika kakang'ono kapamwamba kaja, katwita, kakhale molingana ndi makutu mutakhala pansi, ndipo muwatembenuzire kwa inu pang'ono. Za mmbali zikwezeni pamwamba pa makutu pang'ono kuti zisamalire mkhutu la munthu mmodzi yekha.

Sipika yapakati ndi imene anthu amailakwira kwambiri pomwe ndiyo imanyamula pafupifupi zoyankhula zonse za mufilimu. Ndaona kambirimbiri itakankhidwira mkati mwa kabati, kutsogolo kwake kuli thabwa, mawu nkumatuluka ngati munthu akuyankhulira mumgolo. Ikokereni kutsogolo mpaka ifike kumphepete kwa shelefu, ndipo ngati ili pansi pa sikirini ikwezeni kutsogolo kwake ndi karabala kuti iloze kumakutu osati kumaondo. Tebulo lagalasi pakati pa inu ndi sipikayi nalo limabweza mawu, liyalireni nsalu kapena lisunthireni pambali. Onaninso mawaya, wofiira ku chofiira wakuda ku chakuda mbali zonse, sipika imodzi yokha ikatembenuzidwa besi imachepa ndipo mawu amamveka omwazika osadziwika komwe akuchokera.

Tibwerere ku besi ija. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mumpweya wa madigiri 20. Mawu opyapyala a 1000 Hz funde lake ndi lalifupi, masentimita 34 basi, koma a 40 Hz funde lake limaposa mamita 8, lalitali kuposa chipinda chenichenicho. Funde lotere likagunda khoma nkubwerera limakumana ndi linzake lomwe likubwera, malo ena amaphatikizana nkukula, malo ena amafafanizana nkusowa, ndipo malo amenewa sasuntha. Mukhoza kuwerengera nokha pomwe chipinda chanu chimavutira, tengani 343 mugawe ndi kutalika kwa chipinda kuchulukitsa kawiri. Chipinda cha mamita 5 mulitali chimapereka 34 Hz, mamita 4 mulifupi 43 Hz, siling'i ya mamita 2.5 imapereka 69 Hz. Ndipo onani apa, 34 ija ikabwereza kawiri ikufikanso cha pa 69, ndiye mchipinda chotere 69 Hz imalira mopitirira muyezo chifukwa mbali ziwiri zikuthandizana. Nchifukwa chake chipinda chofanana mbali zonse chimakhala chovuta kwambiri, mavuto onse amaunjikana pamodzi.

Nde sabuwufa muiyike pati? Njira yomwe inandithandiza ine ndi yokwawa. Nyamulani sabuwufa muiyike pasofa pomwe mumakhala, ikwezeni ndi mapilo ifike cha pomwe pamakhala mutu, seweretsani nyimbo yomwe besi yake imakwera ndi kutsika mobwerezabwereza, kenako gwadani muyambe kukwawa mmphepete mwa makoma mutu uli pafupi ndi pansi. Musafune pomwe ikumveka mwamphamvu kwambiri, funani pomwe kulira kulikonse kwa besi kukumveka kofanana, osati kwina kuphulika kwina kusowa. Ikani kachidutswa ka tepi pamalo awiri kapena atatu omwe akukusangalatsani, ndiye muyese sabuwufa pamalo amenewo inu mutabwerera pasofa. Zimagwira chifukwa njira ya mawu kuchokera apa kupita apo ndi yomweyo ngakhale mutasinthanitsa malo. Pakona imamveka mwamphamvu zedi chifukwa imadzutsa mafunde onse a chipinda, ena amakonda zimenezo, koma nthawi zambiri mpomwe guu guu uja amachokera. Kwanga malo abwino anapezeka cha kutsogolo kumanzere, pafupifupi mita imodzi kuchokera pakona, pomwe sindinkaganizirako nkomwe.

Ngati mumaonera anthu ambiri ndipo mukufuna kuti aliyense amve besi yofanana, masabuwufa awiri apakatikati amaposa imodzi yaikulu. Todd Welti wa ku Harman, kampani yopanga masipika, anafufuza zimenezi ndipo mwa malo omwe anapeza kuti ndi abwino mchipinda cha makona anayi ndi pakati pa makoma awiri oyang'anana, imodzi kutsogolo ina kumbuyo. Cholinga si kuwonjezera phokoso koma kuti ina izidzaza pomwe inzake yasowa.

Tafika pa zomeza mawu. Munthu amene anayamba kuyeza zimenezi mwadongosolo ndi Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard ku America, amene mu 1895 anapatsidwa ntchito yokonza holo yophunzitsira ya ku Fogg Art Museum momwe mawu a mphunzitsi ankangozungulira kwa masekondi angapo osamveka. Iye ndi omuthandiza ankanyamula makushoni a mipando usiku kuchokera ku Sanders Theatre nkumayeza kuti mawu akutenga nthawi yaitali bwanji kuti azime akawonjezera makushoni. Zomwe anapeza zinathandiza pomanga Symphony Hall ya ku Boston yomwe inatsegulidwa mu 1900, ndipo samu yake tikuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Nthawi yomwe mawu amatenga kuti atsike ndi 60 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) imapezeka potenga 0.161 kuchulukitsa ndi kukula kwa chipinda mu makiyubiki mita nkugawa ndi kuchuluka kwa zomeza mawu. Chipinda choonera mafilimu chimafuna cha pa masekondi 0.3 mpaka 0.5. Chathu chija cha 5 kwa 4 kwa 2.5 ndi makiyubiki mita 50, ndiye kuti chifike pa 0.4 chikufunika zomeza zokwana masikweya mita pafupifupi 20. Musaope, sofa yansalu, kapeti, makatani ngakhale anthu okhalamo amawerengedwa momwemo. Koma chipinda cha matailosi pansi, makoma a pulasitala osalala ndi mipando yachikopa chimakhala kutali kwambiri ndi nambala imeneyo.

Pansi yalani kapeti yonenepa pakati pa masipika ndi sofa, ikakhala ndi siponji yake yapansi ndiye bwino koposa. Mawindo aphimbeni ndi makatani olemera, ndipo nsalu yake ikhale yotambalala kawiri kuposa zenera kuti ikhale ndi mapindepinde, komanso italikirane ndi galasi pang'ono.

Kenako tengani kalilole ndipo itanani munthu wina. Inu khalani pomwe mumaonera, iye aziyendetsa kaliloleyo pakhoma lammbali molingana ndi makutu anu, ndipo paliponse pomwe mukuona sipika mkalilolemo ikanipo chizindikiro. Pamenepo mpomwe mawu amayamba kugunda nkubwera kwa inu mochedwa pang'ono chabe kuposa ochokera ku sipika, ndipo kuchedwa pang'ono kumeneko nkomwe kumasokoneza zoyankhula. Chitani mbali zonse ziwiri, ndipo ngati mungathe kusiling'i nakonso. Malo amenewa ndiwo oyamba kuikapo mapanelo, anayi kapena asanu ndi limodzi oikidwa malo oyenera amaposa makumi awiri omwazidwa mwachisawawa.

Mapanelo mukhoza kupanga nokha ndipo si ntchito yovuta. Khomani fulemu ya matabwa masentimita 60 kwa 120, kuya kwake masentimita 10. Mkati ikani rockwool kapena fibreglass yolimba, zonga thonje zopangidwa ndi ulusi wa miyala kapena wa galasi, yolemera cha pa makilogalamu 40 mpaka 60 pa kiyubiki mita. Kutani ndi nsalu yolowa mpweya, poyesa ingoikani nsaluyo pakamwa nkuuzira, mpweya ukadutsa mosavuta ndiye kuti mawu nawo adutsa, ikakana isiyeni. Kokani nsalu bwino ndi kuimenya ndi sitepula kumbuyo, kumbuyoko kuphimbeninso ndi kansalu kopyapyala kuti tiulusi tisamauluke. Pogwira rockwool valani magolovesi, malaya a manja aatali, magalasi ndi masiki, imayabwa koopsa ndipo fumbi lake si lofunika kupuma, duliraninso panja ndi mpeni wa mano. Popachika siyani mpata wa masentimita 5 kapena 10 pakati pa panelo ndi khoma, kampata kameneka kamathandiza kuti imeze mawu otsikirapo popanda kuwonjezera kalikonse.

Kunenepa nkofunika chifukwa chinthu chofewa chimagwira bwino mawu chikakhala chokhuthala cha pa kota ya funde lake. Pa 1000 Hz kota yake ndi masentimita osakwana 9, pa 100 Hz ndi masentimita 86. Ndiye mukuona kuti siponji ya masentimita 2 ija yokhala ndi timapiri imangodya mawu opyapyala okha, besi imadutsa ngati palibe kanthu, mapeto ake chipinda chimamveka chogontha pamwamba koma pansi guu guu ali pomwepo. Mathireyi a mazira ndiye musataye nawo nthawi, ndi opyapyala, samezera zenizeni, satsekereza kalikonse ndipo amagwira moto msanga. Nkhani ya moto ndiinene motsindika. Pa 20 February 2003 ku West Warwick, Rhode Island ku America, kalabu yotchedwa The Station inapsa siponji yomwe inamatidwa mmakoma pofuna kuchepetsa phokoso itagwira moto, ndipo anthu 100 anafa. Chilichonse chomwe mukumata mmakoma a chipinda chomwe ana anu azikhalamo chitseko chili chotseka, funsani kaye za moto, ndipo musachiike pafupi ndi nyale zotentha kapena soketi.

Besi yotsala ikagwireni mmakona. Ma bass trap ndi mapanelo omwewa koma onenepa, masentimita 15 kupita mtsogolo, oikidwa mopingasa pakona kuti kumbuyo kwake kutsale mpata, kuchokera pansi mpaka kusiling'i ngati malo alipo. Yambani ndi makona awiri akutsogolo. Sindikunamizani kuti athetsa vuto la 34 Hz lija, pamenepo malo a sabuwufa ndi a sofa ndiwo amagwira ntchito yaikulu, koma kuyambira cha pa 80 Hz kukwera amathandiza ndithu ndipo besi imazima msanga mmalo momangokokeka.

Musaphimbe chipinda chonse. Ndinalowapo mchipinda chomwe mwini wake anakuta khoma lililonse, munthu ukayankhula mawu amangofera pakamwa, ndipo patatha theka la ola mutu umalemera. Siyani malo ena olimba. Shelefu ya mabuku otalika mosiyanasiyana kukhoma lakumbuyo imamwaza mawu pang'ono ndipo chipinda chimakhalabe ndi moyo.

Mukamaliza kusuntha ndi kupachika, mpamene mulowe mu menyu ya risiva, osati poyamba. Marisiva ambiri amabwera ndi kamaiki koyezera chipinda, Denon ndi Marantz amagwiritsa Audyssey, Yamaha ali ndi YPAO, Pioneer MCACC, ena Dirac Live. Kamaikiko kaikeni pa sitandi molingana ndi makutu kataloza kusiling'i, musakagwire mmanja kapena kukasanjika pamsana pa sofa, tsekani chitseko, zimitsani fani, ndipo yezani malo onse omwe ikupemphani ngakhale zikutopetsa. Ikatha musangokhulupirira, lowani muone zomwe yasankha. Kawirikawiri imaika masipika pa Large, abwezeni pa Small onse ngati muli ndi sabuwufa, ndipo crossover, malire pomwe besi imachoka ku masipika kupita ku sabuwufa, iyambire pa 80 Hz, nambala yomwe THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, inakhazikitsa ndipo imagwira bwino chifukwa pansi pa pamenepo khutu silizindikira msanga komwe mawu akuchokera. Masipika ang'onoang'ono kwambiri amafuna 100 kapena 120 Hz. Small sikutanthauza kuti sipika yanu ndi yonyozeka, kungoti besi yolemera ipite kwa mwini wake, sipika ipume nkumatulutsa zoyankhula bwino. Kuseri kwa sabuwufa kakonono ka crossover kapotozeni mpaka kumapeto kuti risiva yokha izilamulira, ndipo kaswitchi ka phase yesani pa 0 ndi pa 180 mutakhala pasofa wina akusintha, siyani pomwe besi ikumveka yodzadza.

Mtunda wa sabuwufa ukaoneka wautali kuposa weniweni musaukonze, risiva ikuwerengera ndi kuchedwa kwa zamagetsi za mkati mwa sabuwufayo. Ngati mukuyeza nokha, kaphokoso koyesera kaja ka shhh kazipereka 75 dB pa sipika iliyonse pomwe mumakhala. Apu ya pafoni siyolondola kwenikweni koma yofananitsira masipika imakwanira. Amene mukufuna kuona ndi maso zomwe chipinda chikuchita, pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa REW, mukailumikiza ndi maiki yoyezera ngati UMIK-1 imakujambulirani pomwe besi yakwera ndi pomwe yagwa. Dziwani chinthu chimodzi, EQ, yomwe ndi kukweza kapena kutsitsa mbali zina za mawu mu risiva, imatha kutsitsa pomwe pakwera koma singadzaze dzenje, mukawonjezera mphamvu pamalo pomwe mafunde akufafanizana funde lobwerera nalo limakula chimodzimodzi, mungotopetsa sabuwufa. Dzenje limachoka posuntha sofa kapena sabuwufa basi.

Vuto langa lija lokweza ndi kutsitsa linatha nditachita zitatu, kutulutsa sipika yapakati mkabati, mapanelo a mmbali, ndi kukweza sipika yapakatiyo ndi 2 dB. Usiku ndimayatsanso night mode, ena amaitcha Dynamic Range Control, imafupikitsa kusiyana kwa kunong'ona ndi kuphulika.

Tsopano kutsekereza, ndipo apa ndinene zoona, ndi ntchito yolemera kuposa zonse tanenazi. Mawu amayenda ngati madzi, pomwe padutsa mpweya nawo adutsa. Kampata kongokwana 1 peresenti ya khoma kamapangitsa kuti khomalo lisathe kutsekereza kuposa 20 dB ngakhale litakhala lonenepa bwanji. Ndiye musanaganize za makoma yambani ndi chitseko. Usiku zimitsani nyale mkati, wina aime kunja aziyendetsa tochi mmphepete mwa chitseko, paliponse pomwe kuwala kukulowa mpomwe filimu yanu ikutulukira. Matani rabala mufulemu monse kuti chitseko chikatsekedwa chizipanikiza, pansi ikani chotsekera mpata chija chomwe chimakhudza pansi, ndipo bowo la kiyi nalo litsekeni. Gogodani chitseko, chikalira ngati ng'oma ndiye kuti mkati mulibe kanthu, chisintheni ndi cha thabwa lathunthu kapena khomanipo bolodi lolemera, bola mahinji akhale okwanitsa kunyamula. Ming'alu ya mmphepete mwa mafulemu, pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya, kuseri kwa masoketi, dzazani ndi silanti yosauma gwa.

Mawindo ndiwo achiwiri. Makatani amathandiza mkati koma phokoso la msewu saliletsa kwenikweni. Chomwe chimagwira ndi zenera lachiwiri mkati, lotalikirana ndi loyamba masentimita 10 kapena kuposa, galasi lake lonenepa mosiyana ndi loyambalo kuti asamanjenjemere pamodzi. Njira ina yosavuta ndi kupanga chotsekera chochotseka, bolodi lolemera lokhala ndi rockwool kumbuyo ndi rabala mmphepete, lolowa ndendende mufulemu ya zenera, mukamaonera mumaliika mukatha mumachotsa, ndipo limathandizanso mdima.

Makoma amamvera kulemera. Mukachulukitsa kawiri kulemera kwa khoma mumapindula cha pa 5 kapena 6 dB basi, pomwe khutu limafuna pafupifupi 10 dB kuti limve ngati phokoso latsika ndi theka. Khoma la njerwa kapena konkire ndi lolemera kale, kuwonjezerapo bolodi limodzi lomata sikusintha zambiri. Chomwe chimasintha ndi khoma lachiwiri losakhudzana ndi loyamba, pakati pali mpata wa mpweya wodzazidwa ndi rockwool, kunja mabolodi awiri a jipisamu. Chinsinsi chake nchakuti zisakhudzane, sikuluwu zochepa chabe zodutsa mpaka kukhoma lakale zimasanduka mlatho wa phokoso nkuwononga ntchito yomwe mwavutikira. Musaiwale pamwamba, nyumba zambiri makoma amathera pasiling'i ndipo kumwamba kwake nkotseguka, phokoso limakwera nkutsikira chipinda china, ndiye kuyala rockwool pamwamba pa siling'i ndi kuwonjezera bolodi kumathandiza kuposa momwe mungaganizire. Amene mukuchita lendi kambiranani ndi eni nyumba musanakhome kalikonse, ndipo zinthu zolemera za kusiling'i ziikidwe ndi mmisiri wodziwa. Chipinda chotsekedwa bwino chimasowanso mpweya, anthu asanu ndi pulojekita yotentha kwa maola awiri si zocheza, ndiye konzani njira ya mpweya yokhotakhota yokutidwa mkati ndi zomeza mawu, kapena muzitsegula chitseko pakati pa filimu.

Besi ndiyo imafika kwa aneba kuposa china chilichonse chifukwa imayenda mkati mwa makoma ndi pansi penipenipo. Ngati pansi panu ndi pamatabwa kapena muli pamwamba pa anthu ena, ikani sabuwufa pa rabala yonenepa kapena kapulatifomu kokhala ndi siponji yolimba pansi, ndipo isagunde khoma lomwe mumagawana ndi aneba. Njira ina yomwe ndimaikonda ndi kuibweretsa pafupi ndi sofa, kumbuyo kapena pambali penipeni, mumaimva mwamphamvu itatsitsidwa kwambiri ndipo yofika kunja imachepa.

Makutu anu nawo muwaganizire. Mulingo wa ku sinema umalola sipika iliyonse kufika 105 dB pophulika, mchipinda chaching'ono zimenezo nzambiri, ndipo ambiri timaonera pansi pake ndi 10 kapena 15 dB. WHO imati munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza ndi 3 dB yokha nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka. Chipinda chikakhala chete komanso mawu osabwerera, mupeza kuti dzanja silikupitanso ku rimoti.

Chomaliza kuchita, sankhani kachigawo kamodzi ka filimu ka mphindi zitatu komwe kali ndi kunong'ona komanso kuphulika, kakhale koyesera kanu nthawi zonse, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi nkumvetseranso, mukasintha zitatu pamodzi simudziwa chomwe chathandiza. Kaseweretseni usiku pa voliyumu yomwe mumakonda, tulukani mutseke chitseko, kaimeni kuchipinda chogona ana ndi panja pafupi ndi khoma la aneba, mutsitse mpaka pomwe simukumvanso kugunda, ndipo nambala ya pa risiva imeneyo muilembe pakapepala nkumata kuseri kwa rimoti. Pansi pomwe paima masipika, sabuwufa ndi miyendo ya sofa ikani timatepi tating'ono, kuti tsiku lokolopa zikasunthidwa zibwerere pomwe zinali.